Kwa ambuya pa njinga m'dzinja: ndingapite n'kubwerako tsiku lomwelo?

Uthenga uwu wachokera kwa mnyamata wina wa ku Kapata, muno mu Chipata, ndaudulako pang'ono koma mawu ndi ake:

"Amdala, ndili ndi zaka 33, ndimagwira ntchito m'shopu mtauni muno ndipo njinga ndimangotchova kuchoka kunyumba kupita kuntchito basi. Ambuya anga ali kumudzi, mukapitirira Mtenguleni mumasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wa m'mapiri, zonse pamodzi ndi makilomita ngati 55. Ndikufuna ndikawaone mu Febuluwale muno pa njinga ya malemu atate, ija yakuda ya mabuleki a ndodo, ndinyamule shuga, sopo ndi kapenta, ndibwereko tsiku lomwelo. Akazi anga akuti ndikafera m'njira ndi mitunda ndi mvulayi. N'zotheka kapena ndingosiya?"

Aphwanga, mtima pansi kaye. Makilomita 55 si chinthu choti munthu wa zaka 33 wopanda matenda aziopa. Muno mu Chipata njinga ndiye galimoto yathu kuyambira kale, fakitale ya njinga ya Luangwa Industries inali momwe muno, ndipo mukalawira n'kuima pa msewu wa ku Lundazi kapena wa ku Mfuwe muona azibambo okula kuposa inu akulowa mtauni ndi matumba a makala pa kaliyala, ananyamuka kwawo tambala asanalire kachiwiri. Ine njinga ndazikonza zaka zoposa 20 ndipo misewu ya kuno ndaitchova dzinja ndi chilimwe chomwe, ndiye ndikukuuzani kuti kwa ambuya mukafika. Koma alamu anganso sakunama ayi, angophonya pomwe pali ngozi. Mtunda supha munthu, ukakukanika umatsika n'kukankha basi. Chimene ndaona chikuvulaza anthu ndi mtsetse wonyowa, ndi kaliuma kaja koti ndikagone kwathu lero lomwe zivute zitani.

Tiwerenge nthawi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Pa tala, ndi njinga yolemera ngati yanuyo, katundu kumbuyo, miyendo yozolowera Kapata ndi mtauni chabe, muziwerengera makilomita 12 mpaka 15 pa ola. Mukalowa wafumbi m'dzinja ndi 8 kapena 10, ndipo ngati mvula yagwa usiku ndi kuchepera apo. Onjezani kupuma, kukankha pa mitunda, moni wa m'njira poti kumudzi simungangodutsa anthu ngati mphepo, mupeza kuti kupita kokha ndi maola 5. Mwanyamuka 05:30 kukungoyera, mwafika cha m'ma 10:30 kapena 11:00. Tsono mukuganiza kuti ambuya akakulolani kubwerera musanadye? Nkhuku ija ayambe aithamangitsa ana, aiphe, aisosole, nsima ipse, achibale abwere kudzakuonani mmodzimmodzi, mukamadzati ndatsanzika ndi 14:00. Imeneyo ndi nthawi yomwe mitambo yamaliza kuunjikana, miyendo yanu yauma kale ndi ulendo wam'mawa, pobwerera mutenga maola 6 osati 5, ndipo mu Febuluwale dzuwa limalowa 18:30 isanakwane. Mdima ukupezani pa Great East Road, mwanyowa, mulibe nyali, mathiraki akukudutsani. Ine zimenezo sindingakuvomerezeni olo mutandigulira chiyani.

Pitani Loweruka, mukagone, mubwere Lamlungu m'mawa. Ngati kuntchito sangakupatseni Loweruka, njira ina ndi kukweza njinga pa Canter kapena minibasi mpaka pokhotera, inu n'kutchova wafumbi wokhawo, pamenepo ndiye tsiku limodzi litheka.

Za mvula. Dzinja la kuno limayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Malichi kapena Epulo, ndiye Febuluwale muli m'kati mwenimweni. Koma mvula yathu ili ndi khalidwe lake. Masiku ambiri kumacha bwinobwino, dzuwa liwotcha nthaka yonyowa, chinyezi chikwera, cha m'ma 11:00 mitambo yoyera iyamba kutukumuka pamwamba pa mapiri, pofika masana yada bii pansi pake. Ndi chifukwa chake ndikulimbikira zolawira, m'mawa ndi mwanu, masana ndi a mvula. Si lamulo la m'buku, nthawi zina imagwa mbandakucha, koma ambiri mwa masiku zimayenda choncho. Mukadzuka n'kupeza mvumbi, thambo lonse lotuwa kamvula kakungowaza osaleka, umenewo ulendo usiyeni, sabata yamawa ilipo, msewu wafumbi tsiku lotero umakhala phala. Mverani zanyengo pa wailesi usiku wake, Breeze FM kapena ina iliyonse yomwe mumatsegula, komanso imbani foni kumudziko mufunse ngati mitsinje ikuwoloka, iwowo ndi amene akuona.

Vuto la m'mapiri ndi loti mvula simuiona ikubwera, imabisala kuseri kwa phiri, mtauni momwe muno mumaona momwe imatulukira kuseri kwa phiri la Kanjala anthu ali phee pa msika. Ndiye mukafika pamwamba pa mtunda uliwonse imani pang'ono muyang'ane mbali zonse, kumbuyo komwe. Mukaona pansi pa mtambo pali ngati chinsalu chotuwa chofika pansi, imeneyo ikugwa kale kumeneko. Kukatentha kenako mwadzidzidzi kabwera kamphepo kozizira, fungo la dothi lonyowa, azimayi akuthamanga kukaanula zovala ndi ufa, musati nditchoveko pang'ono ndifike pa mudzi winawo, lowani pa mudzi womwe muli nawo pafupiwo mupemphe pokhala. Palibe amakana mlendo wothawa mvula.

Mphenzi ndiye musachite nayo masewera. Mukaona kung'anima yambani kuwerenga mpaka bingu limveke, masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Bingu likamveka musanafike pa 30 ndiye kuti ili mkati mwa makilomita 10, ndipo pamenepo itha kukufikani, funani nyumba. Ikatha dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Ena amati matayala a njinga ndi mphira ndiye kaleza sangakumenye, bodza limenelo, chinthu chochokera kumitambo sichingaimitsidwe ndi kamphira ka tayala. Musabisale pansi pa mtengo woima wokha pamunda, mango aja amakopa chifukwa masamba ake sadontha msanga koma ndi malo oipitsitsa. Musaime pamwamba pa phiri, pa mwala woonekera kapena pakati pa dambo. Nyumba yeniyeni, sukulu, tchalitchi, golosale, ndiye malo. Ngati kulibiretu, siyani njinga patali ndi inu, tsikirani pamalo otsika koma osati mumtsinje, munjute mapazi ali pamodzi, osagona pansi.

Tsono mabuleki, apa ndikhalitsapo. Njinga yanu ili ndi malimu achitsulo osalala aja, ndipo timphira ta buleki timagwira pa limu. Kukauma zimagwira bwino ndithu. Limu ikanyowa, madzi amakhala pakati pa mphira ndi chitsulo, mumafinya ndodo mpaka kugunda handulo njinga ikungopita ngati simunaigwire, wilo lizungulire kangapo kuti mphira upukute madzi ndiye iyambe kumva. Pa malo athyathyathya mumangodabwa n'kuseka. Pa mtsetse ndi katundu kumbuyo si zoseketsa.

Ine ndili ndi chipsera pa bondo lakumanzere cha nkhani yomweyi. Ndinali mnyamata ngati inu, ndanyamula thumba la feteleza kupita kwa amalume, mvula yangosiya kumene dzuwa latulukanso msewu ukuchita nthunzi, ine mumtima ndati zatha. Pa mtsetse wina wokhota kumunsi kwake kuli kamlatho, ndinaisiya njinga ithamange kuti ndipeze liwiro lokwerera tsidya linalo. Pofika pakati ndagwira buleki, zii. Ndagwiranso mwamphamvu, yangolira kwiii osachepetsa kanthu. Ndinayesa kukwekweza phazi pansi, patapata inathawa, thumba lija likundikankha kumbuyo ngati munthu. Pokhota paja njinga inapita molunjika, ndinakagwera m'munda wa chimanga cha eni ake, foloko yapindika, feteleza mbwee m'mizere. Mwini munda anabwera, ataona kuti ndili moyo anati zikomo mwatithirira. Mpaka lero bondo limeneli kukazizira limandikumbutsa.

Ndiye chitani izi. Liwiro lichepetseni pamwamba musanayambe kutsika, osati pakati. Limu ikanyowa muzigwira buleki pang'onopang'ono nthawi ndi nthawi muli pamalo abwino kuti ipukutike, musadikire pomwe mukuifuna. Gwirani onse awiri, koma wakutsogolo mosamala pa matope kapena pa timiyala, wilo lakutsogolo likaterereka mumagwa musanadziwe n'komwe. Osagwira buleki muli mkati mokhota, chepetsani musanafike. Thako libwerere kumbuyo kwa chishalo. Ndipo mtsetse uliwonse womwe simukuona pothera pake, kapena kumunsi kuli mlatho, mchenga kapena madzi, tsikani muyende nayo pansi. Anyamata a pa golosale akusekeni, ndi bwino kusekedwa uli ndi mano onse. Kwa ena owerenga omwe ali ndi njinga za buleki ya pedulo ngati Buffalo, yanuyo ili mkati mwa habu ndiye mvula siisokoneza kwenikweni, koma dziwani kuti buleki yamtundu umenewo imatentha pa mtsetse wautali, ndipo tcheni chikaguluka mulibenso buleki, choncho tcheni chizikhala chokoka bwino.

Njinga ya malemu atate isanapite kulikonse ipite kwa okonza, masiku angapo ulendo usanafike osati madzulo ake. Timphira ta buleki tatsopano kutsogolo ndi kumbuyo, n'totchipa, takale timauma ngati mwala olo tikuoneka tonenepa. Aone ngati limu siikuvina, chifukwa limu yopindika buleki ya ndodo siigwira mofanana, amange masipoko. Aone makotapini, timisomali togwira mikono ya mapedulo tija, mukamva kugogoda pa pedulo mukamaponda ndi imeneyo, ndipo pa mtunda ndi pomwe imathera. Tayala ngati layamba ming'alu m'mbali kapena ulusi ukuoneka sinthani, saizi yake ndi 28. Chishalo achikweze kufika poti chidendene chikakhala pa pedulo ili pansi mwendo uwongoke, ambiri mtauni amatchova chishalo chili pansi, pa makilomita awiri sizipweteka koma pa 55 maondo adzakuuzani.

M'kachikwama muike pampu, chubu chapadera, zigamba ndi solushoni, sipanala yokwana manati a mawilo, pulayazi, malegeni, kabotolo ka oilo, ndi timphira ta vavu tiwiri titatu, kanthu kakang'ono ngati kameneko kayendetsa anthu pansi makilomita ambiri. Chubu chapadera ndikunenera chifukwa chigamba sichigwira pa chubu chonyowa, mumata kumudzi mutakhala pansi. Shuga mukulunge m'mapulasitiki awiri, ndipo sopo akhale payekha, mukaphatikiza ambuya adzamwa tiyi wonunkha sopo mwezi wonse. Katundu mumange motsika komanso molimba, akamagwedera amakokera njinga kumbali.

Pokwera palibe zambiri. Njinga yanu ilibe magiya, ndiye mukaona kuti mwayamba kuimirira pa mapedulo n'kumaipotokola uku ndi uku, tsikani mukankhe, mphamvu zomwe mungawononge pa mtunda umodzi mudzazifuna pa makilomita 10 omaliza. Ola loyamba tchovani ngati waulesi. Muyezo wanga ndi woti ngati simungathe kuyankha moni bwinobwino chifukwa cha befu, mwathamanga.

Matope a dothi lofiira lija la katondo amamata pa tayala n'kudzaza mkati mwa madigadi mpaka wilo kukana kuzungulira, mumangomva njinga yalemera ngati wina wakwera. Musakakamize, dulani kamtengo muzikolokosa, ena amachotseratu madigadi akamalowa wafumbi koma konzekani kufika msana wonse uli wofiira. Mpweya muchepetseko pang'ono chabe kuti tayala ligwire pansi, mukachepetsa kwambiri ndi katundu limu idzaluma chubu pa mwala. Zithaphwi za pamsewu musalowe pakati simudziwa kuya kwake, tsatani mkwaso wa njinga za anzanu m'mbali. Mukatuluka m'matope tsukani tcheni ndi timphira ta buleki, dontheza oilo pa tcheni, koma asafike pa limu.

Mitsinje ya m'mapiri imadzaza msanga, nthawi zina pomwe muli sipanagwe n'dontho lomwe koma yagwa kumtunda. Madzi akakhala ofiira, akuthamanga, akunyamula zinyalala ndi timitengo, kapena afika m'maondo, musawoloke, olo pakhale pa kalavati pomwe mumapadziwa, madzi amakumba m'mbali mwake osaoneka. Khalani pansi mudikire, timitsinje tating'ono timaphwa pakapita ola kapena awiri mvula ikasiya. Onani eni dera, iwo akaima inunso imani. Powoloka madzi ochepa njinga ikhale mbali yomwe madzi akupita, kuti ikakokedwa isakugwetseni.

Idyani musanamve njala. Phala kapena nsima yotsala musananyamuke, m'thumba nthochi, vitumbuwa, nsawa zokazinga, ola lililonse kanthu pakamwa. Njala ya pa njinga siibwera pang'onopang'ono, mumangoona miyendo yasanduka thonje, maso achita mdima. Madzi malita awiri, ndipo muzimwa olo kuli mitambo chifukwa thukuta likutuluka ndithu. Owonjezera tungani pa mjigo, a mumtsinje kapena pachitsime chosavundikira m'dzinja ndi kuitana matenda otsegula m'mimba. Botolo limodzi mutha kupanga la mchere ndi shuga, lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere, limathandiza miyendo ikayamba kukokana. Maheu kapena thobwa la m'njira ndi bwino. Zinazo za m'mabotolo ang'onoang'ono, ndi kachasu yemwe asuweni adzakulandirani naye, mudzalawe njinga itatsamira pakhoma, osati m'mawa wobwerera.

Jinzi musavale, ikanyowa imalemera ndi kukupalani m'ntchafu. Malaya ena ouma ndi kajuzi m'pulasitiki, pamodzi ndi foni. Anthu amadabwa ndikati m'dzinja munthu angazizidwe mpaka kudwala, koma mwatuluka thukuta pa mtunda, mvula yakunyowetsani, kenako mphepo ya pa mtsetse ikuwombani, mumayamba kunjenjemera zala osatha kufinya buleki. Zikatero imani, vulani chonyowacho, valani chouma, pemphani moto muothe. Chovala chikhale chowala, kavesiti konyezimira kaja ngati mungabwereke, kanyali kofiira kumbuyo, ndipo chisoti cha njinga ngati mungachipeze valani, ndikudziwa kuti kuno timachiona ngati cha azungu.

Pa tala khalani kumanzere kwenikweni. Msewu umenewu ndi wa mathiraki opita pa boda ya Mwami ndi ochokera ku Malawi, kukagwa mvula amakuthirani madzi osaona kutsogolo ndipo mphepo yake imakukokani. Mukamva lina kumbuyo kwinaku lina likubwera kutsogolo, tulukani mu tala muime, koma samalani polowanso chifukwa m'mphepete mwa tala penapake ndi pokwera, tayala limatsetsereka pamenepo. Chinanso, mwambo wa Angoni wa Nc'wala umachitikira pa Mtenguleni pomwepo Loweruka lomaliza la Febuluwale, Nkhosi Mpezeni akamalawa zakumunda zoyamba, tsiku limenelo msewu umadzaza magalimoto, mabasi ndi anthu ena atalawa kale zawo. Ngati cholinga ndi ambuya, sankhani Loweruka lina.

Mwati muli ndi zaka 33 koma simunanene za thupi lanu. Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu, kapena munamvapo kupweteka pachifuwa kapena kukomoka mukagwira ntchito yolemetsa, yambani mwapita ku kiliniki akakuyezeni, ine ndine wa masipanala chabe. M'njira mukamva chifuwa kuthina, mtima kugunda mosalongosoka, chizungulire chosatha mutapuma, kapena mutu kuwawa kwambiri n'kuyamba kusokonezeka, ulendo wathera pomwepo, imitsani galimoto mupite kuchipatala chapafupi. Mukagwa n'kumenyetsa mutu kenako kusanza, kusinza kapena kuiwala zomwe zachitika, musakwerenso njinga, chimodzimodzi ngati phewa kapena dzanja latupa simukutha kuligwiritsa ntchito. Bala lakuya lolowa dothi tsukani ndi sopo ndi madzi abwino, mukafunse za jakisoni wa kafumbata. Galu akakulumani, ndipo agalu akumudzi amadana ndi njinga, tsukani ndi sopo mphindi 15 mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe, osadikira Lolemba. Munthu womenyedwa ndi mphenzi mutha kumugwira, sasunga magetsi m'thupi, muthandizeni n'kuthamanga naye. Kumudzi mukagone m'neti, ndipo thupi likatentha patapita sabata kapena awiri mutabwerako musati ndi kutopa kwa njinga, kayezetseni malungo. Kuwawa kwa ntchafu ndi matako masiku awiri atatu n'kwabwinobwino, koma mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka minofu ikupweteka kwambiri, pitani ku chipatala cha Chipata Central kapena kulikonse kuli pafupi.

Lamlungu likubwerali, mabuleki atakonzedwa, mangani katundu wolemera ngati yemwe mudzanyamule mutchove kupita ku Mwami n'kubwerera, ndi makilomita opitirira pang'ono 20 kupita kokha, munyamuke 05:30 yomweyo n'kuona nthawi yomwe mwatenga. Mukabwerako mukutha kuyenda bwinobwino, Loweruka linalo nyamukani. Mukabwerako mukukwawa, bwerezani kawiri kaye kenako mundilemberenso. Alamu muwauze nthawi yonyamuka ndi njira yomwe mudzere, foni ikhale yodzaza moto ndi ndalama ya Canter m'thumba la mkati, ndipo ambuya mukawapatse moni wanga.